Ndevu za Lachisanu ndi Ndevu za Lolemba

Pa ntchito ya mafilimu ndafapo kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, m'mayiko asanu ndi awiri. Anandiwomberapo pakhomo la banki, ndinamirapo m'dziwe losambiramo la hotela, ndipo kudziko lina lozizira koopsa ndinagona pasimenti kuyambira m'mawa mpaka masana, osaphethira, osanjenjemera, mpaka wojambula anasiya kamera n'kubwera kudzandigwira pamtima kuti aone ngati ndikupuma. Funsani aliyense: palibe munthu amafa bwino ngati ine.

Anzanga amanditchula kuti a Pasipoti. Ati sindingamalize nkhani osapisa m'thumba kutulutsa pasipoti kuti anthu aone zidindo. Imeneyo ndi nsanje ya anthu amene ndege amangoionera m'mwamba. Ine ndinayamba ndi kukulunga zingwe za magetsi, wopanda m'bale pantchitopo, wopanda satifiketi. Tsiku lina munthu amene amayenera kufa sanabwere, wotsogolera filimu anayang'anayang'ana n'kuloza ine. Ndinagwa bwino moti sindinakulungenso chingwe mpaka lero. Nyumba ndinamanga, ana ndinaphunzitsa, zonsezo chogona pansi.

Chinthu chimodzi chokha sindinkachitchula pagulu. Zaka makumi atatu, kamera inali isanandiyandikirepo. Anthu a ntchito yathu akudziwa chimene ndikunena: nthawi imene nkhope yako yokha idzaza chinsalu chonse, holo yonse n'kukhala chete kumvera iwe. Ine ndinali mlonda kumbuyo kwa bwana, dalaivala woonekera khutu, mtembo. Mawu aatali amene ndinanenapo mufilimu anali akuti, "Galimoto yafika, bwana."

Loweruka lililonse m'mawa ndimaphunzitsa achinyamata ofuna ntchitoyi, m'chipinda cha pamwamba pa shopu yogulitsa matayala. Mipando ndi yobwereka, fungo la labala ndi laulere. Ndimawauza zimene sukulu siphunzitsa. Akakuuza nthawi yofikira, fika hafu ola isanakwane. Dziwa dzina la wophika tiyi, chifukwa wotsogolera akaiwala nkhope yako, amene amamukumbutsa ndi iyeyo. Pansi akamata katepi kuti uime pamenepo, ima pomwepo, ngakhale mtima ukuuze kuti kuwala kwabwino kuli patsogolo. Usapite kukadzisuzumira pa kakanema kamene wotsogolera amaonerapo zimene zajambulidwa, si galasi lako. Ndiye pali lamulo lalikulu, limene ndimalinena nditaimirira, chala m'mwamba:

"Tsiku limene mwayamba kujambulidwa, tsitsi si lanunso. Ndevu si zanu, zikhadabo si zanu. Filimu sajambula motsatana ngati mmene mumaionera. Mutha kugogoda pachitseko lero n'kudzalowa m'nyumbamo sabata yamawa, koma woonera amaona ngati mphindi imodzi. Mukameta pakati apo, mwapha ntchito ya anthu makumi anayi."

Ana aja amalemba m'makope. Ine ndimamva kukoma.

Mwayi wanga unabwera nditatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Wotsogolera anali mayi wachitsikana, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba, wolankhula pang'ono ngati akusungira mawu ena mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Ndevu zanuzi ndi zimene ndakhala ndikufuna." Ine ndinamva ngati wanena za luso langa. Filimuyo inali ya mtsikana wosoka zovala amene bambo ake anamuthawa ali khanda, ndipo bamboyo ndinali ine. Chakumapeto, mdalayo amabwera kushopu ya mwana wake kudzapepesa: tsamba limodzi ndi theka, pafupifupi mawu onse anga ndekha, kamera pamphuno.

Ndinauza aliyense. Ndinauza wogulitsa matayala, ndinauza kondakitala wa basi, ndinaimbira foni anzanga a kunja amene mwina anali ataiwala kuti ndine ndani. Mayi a kunyumba anamva mawu aja kambirimbiri, mpaka ndikalakwitsa ankandikonza ali kukhitchini.

"Muchepetseko, bambo," ankatero. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Tinajambula masiku asanu ndi limodzi bwinobwino, zonse kamera ili patali: ine ndikutsika basi, ine ndikufunsa njira, ine nditakhala pabenchi kuyang'ana shopuyo. Lachisanu tinajambula ndikuwoloka msewu, kuima pakhomo, kugogoda, n'kukankha chitseko. Za m'kati, kupepesa kuja, zinali za Lolemba.

Pagulu lathu panali mayi wina amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti zonse zikufanana tsiku ndi tsiku: batani limene linali lomasula dzulo likhale lomasula lero, chipewa chikhale kudzanja lomwelo. Tinkamutchula Mayi Kope, chifukwa kope silinkachoka m'khwapa mwake. Titamaliza anandiimika pakhoma n'kundijambula ndi foni, kutsogolo, kumanzere, kumanja.

"A Pasipoti, Lolemba mubwere momwemu. Musakhudze kanthu."

"Mwana wanga," ndinatero, "ntchito iyi ndinaiyamba iwe usanamere mano. Zimenezo amene amaphunzitsa ndine."

"Ndangonena," anatero, n'kulemba.

Ndikanapita kunyumba pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma podutsa kuseri kwa mpando wa wotsogolera, kakanema kaja kanali koyaka, akubwereza zimene tinajambula. Ndinati ndingoponyako diso limodzi. Ndinaona mdala wina akuwoloka msewu, wowerama pang'ono, ndevu mbuu ngati wagwera m'thumba la laimu. Ndinadikira kuti ine nditulukire. Sindinatulukire. Mdalayo anali atavala jekete yanga.

Mtsikana amene ankasewera ngati mwana wanga mufilimumo anabwera kudzaima pambali panga. Iyi inali filimu yake yoyamba, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditchula kuti adadi ngakhale kamera itazima.

"Adadi, mwaoneka bwino bwanji. Ndendende agogo anga atatsala pang'ono kutisiya. Mpaka ndinamva chisoni."

Ananena ndi mtima wabwino. Ine ndinapita nazo kunyumba ngati munga m'phazi.

Loweruka m'mawa ndinaphunzitsa monga mwa nthawi zonse, lamulo lalikulu lija ndinalinena chala chili m'mwamba. Masana ndinadutsira kwa wometa wanga. Ndikulumbira, ndinangofuna kucheza. Ndakhala ndikumeta kwa iyeyo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndi munthu yekhayo amene amamvetsera nkhani zanga za kunja mpaka kumapeto, mwina chifukwa sangathawe n'kusiya shopu.

"Ndiye akuti nkhope yonse pachinsalu, bwana?"

"Yonse. Kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Kutalika kwake ngati khoma ilo."

Analiza likhweru. "Ndiye kuti imvi imodzi ikhala ngati chingwe choyanikapo zovala."

Ndinadzisuzumira m'galasi, dzanja lili pachibwano.

"Sindikuti timete, ayi. Malamulo anu ndimawadziwa, mumandiuza sabata iliyonse. Koma kuzimitsako pang'ono si kumeta. Pali kamankhwala kabwera kumene. Sitidetsa, timangochotsako zaka zisanu. Ngakhale mayi kunyumba sazindikira."

"Zisanu zokha?"

"Zisanu. Mukafuna, zisanu ndi ziwiri."

Ndinakhala pampando. Anandipaka n'kundiuza kuti tidikire mphindi khumi, osapitirira. Pamphindi yachisanu ndi chitatu ndinayamba kumufotokozera za bwalo lina la ndege limene lili ndi sitima m'kati mwake. Ndinatulutsa pasipoti. Analowa makasitomala ena awiri, ndinayambiranso pachiyambi kuti nawonso asamanidwe. Pamene tinkakumbukira za ndevu, panali patapita pafupifupi ola.

Atanditsuka, m'galasi munali nkhope ya mdala yokhala ndi ndevu zakuda bii, zonyezimira ngati nsapato ya msilikali pa perete.

"Zikhazikika," anatero wometa, osandiyang'ana m'maso. "Pofika mawa zikhala zitakhazikika."

Mayi a kunyumba anatsegula chitseko, kundiyang'ana, n'kuti, "Pepani achimwene, bambo a nyumba ino achokapo. Musiya uthenga?"

"Amayi, musaseke."

"Sindikuseka. Ndikungoganiza kuti ana a pamwamba pa matayala aja muwauza chiyani." Anandigwira chibwano n'kuchitembenuzira kowala. "Imbirani mtsikana wotsogolera uja panopa. Ali ndi mawa lonse loti aganize chochita."

"Ine? Kuimbira mwana ameneyo kuti ndalakwitsa? Munthu woti ndagwira ntchito m'mayiko asanu ndi awiri?"

"M'mayiko asanu ndi awiriwo munali mtembo, bambo. Mtembo supita kokameta."

Sindinaimbe. Lamlungu lonse ndinakhala kubafa. Ndinayesa sopo wochapira, mandimu, soda, ndi madzi otentha moti khungu linayamba kusupuka. Ndevu zinasinthadi pang'ono: padzuwa zinayamba kubiriwira ngati msana wa ntchentche yaikulu.

Lolemba ndinafika hafu ola nthawi isanakwane. Lamulo limenelo ndinalisunga. Ndinadzikulunga mpango mpaka pamphuno, kunja kukutentha. Shopu ya telala imene tinkajambuliramo inali yopanikizika: makina awiri osokera, nsalu zopachika mpaka kudenga, galasi lalitali long'aluka pakona, zingwe zathu pansi ponse. Mwini shopu anatibwereka malowo tsiku limodzi lokha, chifukwa Lachiwiri anali ndi madiresi oti amalize.

Mayi Kope anabwera ndi foni yake. "Chimfine, a Pasipoti?"

"Pang'ono."

"Chotsani mpango tione kolala."

Ndinachotsa. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ananso foni. Sanakalipe. Anangotseka kope lake pang'onopang'ono, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kupita kukaitana wotsogolera. Wamagetsi amene anali pamakwerero analuma mkono wa malaya ake kuti asaseke.

"Bambo," anatero wotsogolera, "Lachisanu munakankha chitseko ichi muli ndi imvi. Lero mukulowa muli ndi izi. Woonera timuuza kuti pakhomo pokhapa pachitika chiyani?"

"Mayi, mayiko amene ndayendako ine, mdala akamapita kukapepesa amayamba wadzikonza..."

"Zachitika liti?"

"Loweruka."

"Loweruka." Anayang'ana pansi. "Mukanandiimbira Loweruka, bwenzi nditaitanitsa ndevu zomata, izi tikanameta. Wodziwa kuzipanga amafuna tsiku lathunthu. Lero tsikulo ndilibe."

Mayi wodzoladzola osewera anayesa mbali yake. Anapaka choyera ndi kabulashi, ndevu imodziimodzi, n'kuwaza paudala pamwamba. Patali zinkaoneka ngati zitheka. Atayatsa magetsi aakulu, m'kashopu muja munatentha ngati mu uvuni. Ndisanafike pamzere wachitatu, thukuta linasungunula choyera chija, matope otuwa anayamba kutsetsereka kukhosi kulunjika pakolala ya malaya okhawo amene tinali nawo. Mayi Kope anadumpha ndi thaulo ngati goloboyi.

Wotsogolera anakhala pampando wa telala, manja kumutu. Ndinamumva akuuza wojambula kuti mwina angochotsa gawo lonselo: mdala akankhe chitseko, kenako tione kalata patebulo, basi. Ndinayang'ana mwana wanga wa mufilimu uja. Anali ataima kuseri kwa makina osokera, milomo ikuyenda, akubwereza mawu ake, osadziwa kuti akukambirana zowachotsa. Gawo limeneli linali lalikulu kwa iyenso. Anali atasiya ntchito ya pakauntala chifukwa cha filimuyi, mayi ake asakufuna. Ndevu zanga zinali pafupi kudya ndi zake zomwe.

Ndinatsokomola. "Mayi, ndinenepo? Kunkhongo sindinapake."

Anandiyang'ana. Ananyamuka, kundizungulira, n'kuima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Imvi za kumeneko zinali monga anazisiyira Lachisanu.

"Mukudziwa chimene mukunena? Kamera ikakhala kuno, nkhope yanu sioneka ngakhale pang'ono. Tsamba lonse lija tilionera pankhope ya mwanayu."

Ndinkadziwa. Zaka makumi atatu zinandidutsa m'maso: mlonda, dalaivala, mitembo khumi ndi isanu ndi umodzi.

"Ikani kamera," ndinatero. Ndikanakonda kunena kuti mawuwo anatuluka mwamphamvu, koma Mayi Kope akuti wotsogolera anachita kundifunsa kachiwiri.

Anamata katepi pansi, ndinaimapo, kamera kuseri kwa phewa langa lakumanzere. Ulendo woyamba, ndili pakati pa mawu, khosi linayamba kutembenuka lokha, pang'onopang'ono, kufunafuna kamera, kuti mwina tsaya lokha lioneke.

Wotsogolera anaimitsa wojambula. "Dulani. A Pasipoti, ndevu zalowa pachithunzi."

"Ndi khosi, mayi. Lili ndi maganizo akeake."

Ulendo wachiwiri khosi linamvera, koma mtsikana uja atakweza maso kuti aone bambo ake omuthawa, anakumana ndi matope aja akudontha pachibwano. Anayesa kulimba, mphuno inanjenjemera, anaphulika nako kuseka. Ulendo wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi anaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni.

"Pepani adadi, ndikukuwonongerani. Ndikangoona ndevuzo..."

"Iwe sunawononge kanthu. Usayang'ane ndevu. Ona diso langa lakumanzere, limene lili pafupi ndi kamera, ukakamire pomwepo. Ndipo usayese kulira. Ungomva zimene ndikukuuza, ngati sunaziwerengepo."

Ulendo wachisanu ndinasiya zonse zimene ndinakonzekera pagalasi kwa mwezi wathunthu: kunjenjemeretsa mlomo, kukweza nsidze, kamsozi kamene ndinkafuna kagwe pa mawu akuti "mwana wanga". Zinalibenso ntchito, panalibe woziona. Ndinangoima chilili, ndipo kukhala osagwedezeka ndiyo ntchito imene ndinaiphunzira pasimenti ya mayiko asanu ndi awiri. Mawu aja anali a mdala wopusa amene anawononga chinthu chabwino chifukwa chodzikonda, n'kuchedwanso kupepesa. Tsiku limenelo sindinachite kuyerekeza.

Nditamaliza, palibe amene ananena kuti dulani. Mtsikana uja anali akundiyang'anabe m'diso lakumanzere, dzanja lake litagwira tepi yoyezera imene inali m'khosi mwake, nkhope ikusintha yokha osaikakamiza. Ananena mizere yake iwiri motsitsa kwambiri moti wojambula mawu anachita kusendeza ndodo yake ya maikolofoni. Patapita nthawi wotsogolera anati, "Imeneyo ndiye yake." Mayi Kope anatsegulanso kope.

Filimu inaonetsedwa patapita miyezi isanu ndi itatu, Lamlungu masana, muholo yodzaza. Ndevu zinali zitabwerera mtundu wake, ndipo ndinavala suti imene ndinagula kunja. Gawo lija litafika, chinsalu chonse chinadzaza nkhope ya mtsikana uja, ndipo pakona yakumanja panali chinthu chozungulira, chotuwa, chosaoneka bwino, chokhala ndi khutu limodzi. Mphindi zitatu ndi theka. Holo inakhala chete monga ndinkalotera zaka zonse zija. Mayi wina kutsogolo kwathu ankafwenthera m'mpango.

Mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono. "Nkhongo imeneyo ndikuidziwa. Ndi imene ndimaiona mukamathawa kutsuka mbale."

Potuluka anthu anaunjirira mtsikana uja, ndipo pano wajambulitsa kale mafilimu ena awiri. Ine onse anangondidutsa. Bambo mmodzi yekha, amene anali kumbuyo kwanga pamzere wotulukira pakhomo, anandigwira paphewa n'kuti, "Pepani akulu, ndakhala ndikukuyang'anani kumbuyoku. Si inu?" Ndinamugwira chanza nthawi yaitali, mpaka ndinamuonetsa pasipoti.

Kamera sinandiyandikirebe. Kwa wometa uja ndimapitabe, koma akangondiona pakhomo botolo la mankhwala aja amaliponya m'dirowa. Mayi Kope ananditumizira zithunzi ziwiri, cha Lachisanu ndi cha Lolemba, popanda mawu aliwonse. Ndinazitsukitsa, ndipo zimakhala m'kati mwa pasipoti. Loweruka ndikafika pa lamulo lalikulu sindikwezanso chala, ndimangoziyendetsa m'mipando. Vuto ndi lakuti masiku ano ndikatulutsa pasipoti kuti ndiwaonetse chidindo cha dziko lozizira lija, palibe amene amachiyang'ana. Onse amangoti, "A Pasipoti, tionetseni cha Lolemba."